Mbamu zitatu, ndakhuta

Ulendo wa 2019 nditafika kwathu ku Ntcheu, amayi anandilandira ndi nthungululu. Anandizungulira kawiri, kundigwiragwira mikono, n'kumaitana aliyense wodutsa kuti bwerani mudzaone mmene mwana wanga wakhalira bwino ku Mangalande. Nthawi imeneyo ndinkalemera makilo 121, ndipo pa ndege ndinali nditapempha lamba woonjezera monong'ona kuti woyandikana nane asamve. Ulendo wa mu Epulo 2025, nditatsika galimoto pabwalo lomwelo ndikulemera makilo 89, nthungululu ija inathera pakhosi. Anandipatsa moni wamba, kudikira kuti ana alowetse zikwama, kenako anandikokera kuchipinda n'kutseka chitseko.

"Undiuze zoona mwana wanga. Unakayezetsa?"

Ndinali nditawauza kale pa foni kuti ndinachitidwa opaleshoni ya chifu yochepetsa thupi, koma sindinawaimbe mlandu. Amayi anaika m'manda alongo awo awiri m'zaka za m'ma 1990, onse atayamba kuonda pang'onopang'ono, nthawi imene matenda aja anthu ankangowatchula kuti kaliwondewonde. Kwa munthu amene anaona zimenezo, wonenepa ali bwino, woonda ali ndi nkhani. Ndiyambire poyambira, chifukwa amayi anzanga ambiri a ku tchalitchi akhala akundikokera pambali kundifunsa za opaleshoniyi, ndipo pakhomo la tchalitchi sungafotokoze zonse.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Nottingham, kwambiri usiku. Aliyense wa shifiti ya usiku akudziwa zimene zimachitika ikakwana 3 koloko m'bandakucha: maso alemera, ndipo pa tebulo pali chitini cha mabisiketi chimene abale a okalamba abweretsa pothokoza. Ndikafika kunyumba m'mawa ndinkaphika nsima, kudya mitanda itatu, n'kugona pomwepo. Zaka khumi za moyo woterewu zinandifikitsa pa makilo 128, ndili ndi msinkhu wa mamita 1.62 basi. Shuga inabwera, BP inatsatira, maondo ankalira pokwera masitepe, ndipo mkonono wanga unkathamangitsira bambo a kunyumba pa sofa.

Zonse zimene mukuganizazo ndinayesa. Madzi otentha a ndimu, tiyi wa m'mapaketi amene ntchito yake inali kungonditsegula m'mimba, kusiya nsima mwezi wathunthu, jimu imene ndinalipira chaka chonse n'kupitako kasanu. Ndinkatsitsa makilo 8, kenako abwerere 11, ngati katapila.

Amene anayambitsa nkhani ya opaleshoni ndi dokotala wathu wa kudera, amene kuno timati GP, mu Seputembala 2021. Iwo amayang'ana nambala yotchedwa BMI, yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake. Malangizo a NICE, bungwe lopereka malangizo a zaumoyo kuno ku Mangalande, amati munthu angaganiziridwe opaleshoni ngati BMI yake yafika 40, kapena 35 ngati ali kale ndi matenda monga shuga kapena BP. Kuyambira 2023 anatsitsa malirewo ndi 2.5 kwa ife anthu akuda ndi amwenye, chifukwa matendawa amatigwira tisananenepe kufika pa anzathu achizungu. Ine yanga inali pafupifupi 49, kotero panalibe zokambirana.

Ndinkaganiza kuti akangondilembera kalata, mwezi wamawa ndili pa bedi. Ndinadikira zaka ziwiri ndi miyezi isanu. Mbali ina inali mzere wautali umene Covid inasiya m'zipatala za boma, zimene kuno timati NHS, koma mbali ina ndi yadala: amafuna akuone kaye. Ndinkakumana ndi katswiri wa kadyedwe mwezi ndi mwezi, ndikulemba m'kabuku chilichonse cholowa m'kamwa. Mayi ameneyu sankadziwa nsima. Nditamuonetsa chithunzi pa foni anati, "Oh, polenta," kenako anafunsa ngati mbale yonseyo inali ya banja lonse. Ndinangoseka, ndinalibe poyankha. Anandipatsanso kamakina kogona nako usiku umodzi, ndipo zinapezeka kuti mkonono uja sunali mkonono wamba, mpweya unkaduka kambirimbiri ndili m'tulo. Ndinayamba kugona ndi makina a CPAP, othandiza kupuma m'tulo, chigoba kumaso ngati woyendetsa ndege. Osuta fodya amauzidwa kusiyiratu kudakali milungu yambiri, apo ayi tsiku lawo silibwera.

Koma chimene chinandigwedeza ndi tsiku lokumana ndi katswiri wa za maganizo. Ndinapita nditakonzeka kutsimikiza kuti mutu wanga ukuyenda bwino. Iye anangofunsa funso limodzi: ndi nthawi ziti zimene mumadya musakumva njala? Ndinayamba kuwerenga pa zala. Foni ikabwera yochokera kumudzi yofuna ndalama ya fizi kapena ya feteleza. Gogo wina amene ndimamusamalira akamwalira pa shifiti yanga. Ndikakangana ndi bambo. Ndikasowa kwathu, makamaka miyezi yozizira kukamada 4 koloko masana. Zala zinatha. Anandiuza mosapita m'mbali kuti dokotala adzachepetsa chifu chokha, zonse zimene ndawerengazo zidzakhala zilipobe, ndipo mbale yothawirako idzakhala itachotsedwa. Tsiku limenelo ndinamva ngati akundiopseza. Pa onse amene anandilangiza, ndi iyeyu amene ndimamukumbukira kawirikawiri.

Maopaleshoni odziwika kwambiri alipo awiri. Ina amati sleeve: amadula n'kuchotseratu gawo lalikulu la chifu, pafupifupi magawo anayi mwa asanu, n'kusiya kachubu kooneka ngati nthochi. Chochotsedwacho sichibwereranso, ndipo chimapita limodzi ndi mbali imene imapanga kwambiri ghrelin, timadzi todzutsa njala. Ina ndi gastric bypass: sachotsa kanthu, koma amapatula kathumba kakang'ono ngati dzira kumtunda kwa chifu n'kukalumikiza ku matumbo aang'ono, kotero chakudya chimalambalala chifu chotsalacho ndi chiyambi cha matumbo. Umadya zochepa, ndipo pa zochepazo thupi silitenga zonse. Ine anandilangiza bypass pa zifukwa ziwiri: imathandiza kwambiri pa shuga, komanso ndinali ndi chilungulira chosagonetsa, chimene sleeve imatha kuchikulitsa.

Dokotala wa opaleshoni anandiwerengera zoopsa zonse ndisanasaine: kutaya magazi, magazi kuundana m'miyendo kapena m'mapapo, msoko kudontha mkati, zilonda polumikizira, matumbo kupotana patapita zaka, ndiponso imfa, ngakhale sizichitika kawirikawiri. Ndinabwerera kunyumba n'kulemba pa pepala manambala onse a ku banki, kuliika mu Baibulo la bambo. Iwo sankafuna n'komwe za opaleshoniyi. "Ndinakukwatira uli ndi thupi, vuto lili pati?" Anafewa tsiku limene anandiperekeza kukayezetsa maso chifukwa cha shuga, ataona anthu amene anali nafe pa mzere.

Pali anzathu amene amatopa ndi kudikira n'kukwera ndege kupita ku Turkey, kumene amachita mwachangu pa mtengo wotsika poyerekeza ndi zipatala zolipira za kuno. Sindikuweruza munthu, ndikudziwa kuwawa kwa mzere. Koma boma la Britain lakhala likuchenjeza za anthu amene amwalira pa maulendo oterewa, ndipo funso langa kwa aliyense ndi ili: msoko ukayamba kuvuta tsiku lachisanu uli kunyumba, kapena magazi akachepa patatha chaka, amene adzakuone ndani? Opaleshoni yeniyeniyo ndi ya maola awiri. Chisamaliro chake ndi cha moyo wonse.

Milungu iwiri yomaliza ndiyo inandizunza kuposa mpeni. Amakuika pa chakudya chochepetsa chiwindi, chifukwa chiwindi chimakhala pamwamba pa chifu ndipo dokotala amayenera kuchitukula kuti agwire ntchito. Cha munthu wonenepa chimakhala chachikulu, chamafuta, chosachedwa kung'ambika. Ine anandipatsa ya mkaka, yogati yopanda shuga ndi msuzi, osapitirira ma calorie 1000 patsiku. Masiku atatu oyamba mutu unkawawa ngati ndamenyedwa ndi musi, m'kamwa mukununkha, ndikukalipira aliyense. Ndinkaphikirabe banja. Kupakula nsima ndi chipande, nthunzi ikukumenya kumaso, iwe n'kukakhala pansi ndi kapu ya mkaka, pamafunika mapemphero. Osabera. Anatiuza kuti akatsegula n'kupeza chiwindi chidakali chachikulu amatha kutseka osachita kanthu.

Tsikulo linali Lachiwiri mu Febuluwale 2024. Ndimakumbukira masokosi othina oyera, namwino akundifunsa dzina ndi tsiku lobadwa kachisanu, ndi kuzizira kwa chipinda cha opaleshoni. Kenako ndinadzuka pakamwa pali gwa, ndi timabala tisanu pamimba, kalikonse kosaposa chala m'litali, poti amalowetsa kamera ndi zida pa timabowo. Chodabwitsa, pamimba sipankawawa kwambiri. Linkawawa ndi phewa lakumanzere. Ndinaganiza kuti ndi mtima, koma namwino anati ndi mpweya umene amapopera m'mimba kuti aone bwino, ndipo mankhwala ake ndi kuyenda. Madzulo omwewo anandidzutsa, ndikukoka chitsulo cha diripi m'khonde, nditawerama ngati agogo anga. Ndinagona masiku awiri. Anandipatsa majakisoni odzibaya ndekha pamimba oteteza magazi kuundana, mapiritsi ochepetsa asidi, ndi chenjezo loti mtima ukayamba kuthamanga, thupi kutentha, kapena ululu kukula m'malo mochepa, ndisadikire kuti kuche.

Ndiye kunabwera kuphunzira kudya ngati khanda. Milungu iwiri ya zamadzimadzi zokhazokha. Milungu iwiri ya zopera, zosalala ngati phala la mwana. Kenako zofewa, mazira, nsomba, nyemba zotakasa, mpaka cha m'ma sabata achisanu ndi chiwiri kapena chitatu pamene unayamba kuloledwa chakudya wamba. Supuni ya tiyi ndiyo inali chipangizo changa. Masupuni atatu a yogati ankanditengera mphindi 20. Madzi sumwa gubu gubu, umapsontha tsiku lonse mpaka akwane lita imodzi ndi theka kapena awiri, ndipo sumwa pamodzi ndi chakudya, umasiya mphindi 30 mbali zonse. Zakumwa za gasi n'zoletsedwa. Ukadya supuni imodzi yoonjezera, kapena kumeza usanatafune bwino, umamva ngati mwala wakhala pachifuwa, malovu n'kudzaza m'kamwa, ndipo chotsatira ukuchidziwa. Kudzimbidwa nakonso kunandipeza, nkhani imene palibe amakonda kuikamba.

Njala inalibe. Ichi ndicho chovuta kufotokozera munthu. M'mimba munali zii, koma mutu unkafuna chakudya usana ndi usiku. Tsiku lakhumi mwana wanga wamkazi ankakazinga nkhuku, fungo la anyezi ndi tomato linafika kuchipinda, ndipo ndinalira ngati pamaliro. Sindinkalira chifukwa cha ululu. Ndinkadzifunsa kuti ndadzichita chiyani, ndi manja anga ndasainira kuti andilande chinthu chokhacho chimene chinkanditonthoza. Pa gulu la anzanga ochitidwa opaleshoni ndinapeza kuti ambiri amadutsa m'masiku amenewa, ndipo amatha. Kwa ine anatha cha m'mwezi wachiwiri. Sabata yachitatu sikelo inaimanso nji, masiku khumi osasuntha, ine ndikudya ngati mbalame. Nayonso ndi nkhani yodziwika, thupi limakhala likukonza madzi ake. Ndinapereka sikelo kwa bambo kuti aibise.

Ya dumping, kudwala kumene kumabwera ukadya zotsekemera kapena zamafuta pambuyo pa bypass, ndinaiphunzira pa chinkhoswe ku Leicester, mwezi wachinayi. Ndinati kachidutswa ka keke n'kachani. Pasanathe theka la ola thukuta linali kamukamu, mtima ukugunda ngati ng'oma, chizungulire, m'mimba mukupota. Ndinakhala m'chimbudzi cha holo nthawi yonse ya perekaniperekani, ndalama zanga zosupa zili m'manja. Chimachitika n'choti shuga kapena mafuta ambiri amagwera m'matumbo nthawi imodzi, popeza chotsekera chimene chinkatulutsa chakudya pang'onopang'ono chinalambalalidwa. Walira mvula walira matope. Mowa nawo umakwera msanga, theka la tambula ya vinyo likhoza kukugwetsa, ndipo anatichenjeza kuti ena akasowa pothawira m'chakudya amathawira m'botolo.

Mwezi womwewo tsitsi linayamba kuthothoka. Ndikamasula mangongo, chipeso chinkadzaza, m'mbali mwa chipumi munayera. Limachita choncho thupi likadzidzimuka ndi kutsika msanga, kawirikawiri pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, kenako limamera. Ndinameta lonse, ndinasiya kuluka zokoka, ndinalimbikira mapuloteni. Amafuna magalamu 60 kapena kuposerapo patsiku, zimene pa kathumba ngati dzira zikutanthauza kuti ndiwo zimayamba, masamba amatsatira, ndipo nsima imalowa ngati patsala malo. Kwa Mmalawi kumeneku ndi kutembenuza mbale chadodolido. Tinakula tikudzudzulidwa kuti ukutha ndiwo, tsina pang'ono. Lero ndine wotha ndiwo mwalamulo la dokotala.

Mankhwala sanathe, anangosintha. Metformin, mankhwala a shuga, ndinasiya potuluka m'chipatala, ndipo patatha miyezi isanu ndi umodzi shuga inali pa mlingo wa munthu wopanda matendawa. Dokotala anakana kunena kuti yatha, anati yagona, ikhoza kudzuka, tiziyezabe chaka ndi chaka. Mapiritsi a BP anatsala amodzi mwa awiri, makina a CPAP ndinabweza. M'malo mwake ndili ndi mavitamini a tsiku ndi tsiku, kashiamu ndi vitamini D, ayironi, ndi jakisoni wa vitamini B12 miyezi itatu iliyonse, mpaka tsiku limene Ambuye adzandiitane. Kusiya zimenezi si nkhani yamasewera, magazi amachepa, mafupa amafooka, mitsempha imatha kuonongeka. Brufen, diclofenac ndi anzake sindimwa, amayambitsa zilonda polumikizira paja. Mutu ukawawa ndi Panado basi. Namwino anandiuzanso kuti ndisatenge pakati kwa miyezi 12 mpaka 18, komanso kuti mapiritsi olera sadalirika pambuyo pa bypass. Ndinaseka, ndinati ndili ndi zaka 44 ine. Iye sanaseke. Anati thupi likatsika, kubereka kumadzuka, ndipo waonapo ambiri odabwa.

Zokoma zilipo, ndipo zambiri ndi zazing'ono moti ena sangazimvetse. Kumanga zingwe za nsapato osagwira mpweya. Kupinda mwendo pa unzake. Kumaliza shifiti ya maola 12 maondo ali chete. Kugwada m'tchalitchi n'kudzuka osagwira benchi. Lamba wa pa ndege anakwana, n'kutsalako, ndipo ndinajambula chithunzi ngati wopenga. Koma khungu silibwerera. Mikono ili ndi mapiko, pamimba pali chikwama chimene chimatuluka zidzolo nyengo yotentha, ndipo kuchotsa khunguli pa NHS n'kovuta kwambiri kuloledwa. Ndimamva kuzizira kumene sindinkakumva, ndipo pa mpando wolimba mafupa amandibaya. Madiresi anga onse a chitenje anapita kwa telala kawiri, mpaka anandiuza kuti amayi, ingosokani atsopano.

Kunyumba nakonso kunasintha. Bambo anandiuza tsiku lina kuti chakudya sichikuwakomanso, chifukwa ine ndimamaliza iwo asanafike pakati, kenako ndimangokhala n'kumawayang'ana. Tsopano ndimadya pang'onopang'ono dala, kuika foloko pansi pakati pa kutafuna, kuti tithere limodzi. Anthu ena amene sankandipatsa moni amandipatsa moni, ndipo izi zimandipweteka kuposa kundisangalatsa. Ena amati ndinadutsa njira yachidule. Amenewo ndimangowafunira milungu iwiri ya mkaka. Ndikudziwanso kuti ikadutsa miyezi 18 kapena zaka ziwiri njala imabwerera ndipo makilo ena amatha kubwerera nayo, makamaka kudzera mu zofewa zosakhutitsa, mabisiketi oviika mu tiyi aja. Chitini chija chidakalipo pa tebulo la kuntchito, ndipo 3 koloko imakwanabe usiku uliwonse. Ndimanyamula mtedza wokazinga wowerengeka m'kabotolo ndi dzira lowiritsa.

Tibwerere kuchipinda kwa amayi. Ndinawayankha kuti inde ndinayezetsa, magazi ali bwino, kenako ndinakweza bulauzi n'kuwaonetsa timabala tisanu tija. Anatigwira kamodzikamodzi ndi chala. Anati, "Pamenepa pokha anatulutsirapo thupi lonse lija?" M'mawa mwake anaitana azakhali, n'kundiuza kuti ndikwezenso bulauzi. Ndinakweza. Ndinazindikira kuti timabalato ndi kalata yanga ya umboni m'mudzi monse, chifukwa azakhali akadziwa chinthu, pofika madzulo chimakhala chafika kuchigayo.

Masiku oyamba anali ovuta. Kwathu kukana chakudya n'kukana munthu. Nyumba iliyonse imene ndinalowa inali ndi nkhuku yophedwa chifukwa cha ine, nsima yodzaza bakuli, chikho cha thobwa, Fanta wogulidwa ndi ndalama imene mwina inali ya sopo. Inali nyengo ya mondokwa, maungu ndi nzimbe. Thobwa la azakhali, lothira shuga mosaumira, ndinalawa pang'ono mwaulemu ndipo linandigoneka pamphasa ola lathunthu, thukuta lili chuchuchu, iwo akundikupiza ndi chitenje uku akutuma mwana kukagula Brufen pa okala. Ndinachita kudzuka kuti ndimuletse mwanayo. Kuyambira tsiku limenelo amayi anakhala loya wanga. Tikalowa m'nyumba ya munthu, ndisanatsegule pakamwa, iwo ankayamba: "Uyu musamuvutitse, anamusoka chifu. Mpatseni chiwindi cha nkhukuyo ndi nkhwani, Fantayo ndimwa ine."

Usiku womaliza anandiphikira okha. Anatenga sosala ya kapu ya tiyi, kuikapo kansima kopakula ndi supuni, pambali usipa wofutsa ndi nkhwani wotendera. Anakhala moyang'anizana nane n'kumawerenga. Ndinayamba usipa, kenako nkhwani, kenako nsima. Mbamu yoyamba, yachiwiri, yachitatu, ndinasamba m'manja. Anapukusa mutu nthawi yaitali, kenako anakoka sosala ija n'kumaliza okha.

M'mawa ndinapeza aika kale thumba la ufa woyera m'chikwama changa, makilo 10, monga amachitira ulendo uliwonse. Ndinati amayi, umenewu ndi wa chaka chathunthu tsopano, chotsaniko theka ndiikemo zitenje. Anati bambo ake a mwana sanasokedwe chifu, n'kukhala pa chikwamacho kuti zipi itsekeke.